Ndime Ziwiri Zomaliza

Nkhaniyo inatuluka Lolemba, pa tsamba lachitatu. Mwini wake, mtolankhani amene anzake ankangowatcha a Njanji, anaiwerenga ataimirira pakhonde. Atafika pothera anatembenuza tsamba kufuna mbali yotsala. Panalibe. Pansi pa nkhaniyo panali malonda a matiresi.

Sitima ya katundu inagwa pa 6 Malichi, pokhota pafupi ndi mlatho. Mabogi anayi anagudubuzika, koma palibe anafa. Kampani inati woyendetsa ankathamanga, ndipo inamuimitsa ntchito. Woyendetsayo anali a Mabuleki, munthu amene anapatsidwa dzinalo chifukwa choyamba kuima siteshoni isanaoneke n'komwe. Kuyambira 1998 ankakweza a Njanji kutsogolo, pampando wa wothandizira, ndipo theka la zimene a Njanji analemba m'mabuku awo atatu anazionera pazenera limenelo.

A Njanji anapita wapansi pamalo a ngoziwo. Anabaya matabwa ogonapo njanji ndi sikuludiraiva, inalowa ngati mu buledi. Okonza njanji awiri anawauza kuti a Mabuleki anadandaula za pokhotapo mu Januwale, n'kubwerezanso mu Febuluwale. Zonsezi zinali m'ndime ziwiri zomaliza. Yosindikizidwayo inathera pa mawu a mneneri wa kampani, akuti woyendetsa anapyola liwiro.

Mu ofesi ya mkonzi analowa osagogoda. Mkonziyo anali mayi amene iwo omwe anamuphunzitsa ntchito.

"Wadula ndani?"

"Ndine. Khalani pansi, achikulire."

"Sindikhala. Mwadula munthu khosi kuti mugoneke matiresi."

"Malonda anabwera mochedwa, malo anachepa. Ndinadula kumchira."

"Unawerenga zimene umadulazo?"

Mkonzi anavula magalasi. Sankakonda kutchulidwa iwe pamaso pa antchito ake, ndipo chitseko chinali chotsegula.

"Makina akudikira, ndani amawerenga mchira? Munandiphunzitsa ndinu, 2004, pa desiki ilo. Nkhani imadulidwa kuchokera pansi, ndiye mnofu uziika pamwamba, mafupa pansi. Nkhani yanga yoyamba munandiponyera kumaso chifukwa cha zomwezi. Koma chiyambireni kulemba mabuku mwayamba kutisungira zokoma kumapeto, kuti owerenga adzidzimuke. Ino si buku, bambo."

A Njanji anayang'ananso nkhani yawo ija. Nkhaniyo anaiyamba ndi nkhungu ya pamlatho. Ndime yachiwiri inali ya mbiri ya mlathowo, chaka chimene unamangidwa ndi kutalika kwake. Usiku umene ankalemba anaiona yokongola.

"Ibwerezedwe yonse," anatero. "Mawa, tsamba loyamba."

"Loyamba ladzaza. Lachinayi ndingakupatseni tsamba lachitatu lomwelo."

"Bwalo la kampani likumuzenga Lachitatu. Lachinayi mudzasindikiza chiyani, uthenga wachipepeso?"

"Mawa malo opanda mwini palibe. Alipo anu okha, ngodya yanu ija ya sitima zakale."

Ngodyayo inkatuluka Lachiwiri lililonse chiyambire 2001, ndipo ya sabata imeneyo inali yokonzeka kale, yonena za injini yomaliza ya malasha. A Njanji anapita pa desiki yawo, anaichotsa, n'kulemba ina. Chiganizo choyamba chinati matabwa a pokhota paja anali owola ndipo woyendetsa anachenjeza kampani kawiri ngozi isanachitike. Nkhungu sanaitchule. Mlatho anautchula kamodzi.

Lachitatu bwalo linakumana, nyuzipepala ya Lachiwiri ili patebulo. Okonza njanji aja anaitanidwa. Pa 24 Malichi a Mabuleki anauzidwa kuti abwerere kuntchito.

A Njanji anawapeza Loweruka kunyumba kwawo, akupopa tayala la njinga. Mpando sanawapatse.

"Ndamva kuti zatha bwino, achimwene."

"Zatha."

"Ya Lachiwiri ija munaiona?"

"Ndinaiona. Apongozi anga anaona ya Lolemba. Aphunzitsi a mwana wanga, ya Lolemba. Wometa tsitsi apa anaidula n'kuimata pagalasi, akuti a Mabuleki asanduka a Liwiro. Ya Lachiwiri ili pa tsamba 17, pafupi ndi zithunzi za ana obadwa kumene. Amafikako ndani? Inu ndi akazi anu."

"Anadula ndi mkonzi. Ine ndinalemba zonse."

A Mabuleki anasiya pampu.

"Ine ndikanyamula katundu woopsa, bogi yake sindiika kumchira kumene sindikuiona. Mwakwera nane zaka zonsezi, zimenezo simunazione? Dzina langa munaliika kumchira kuti nkhani yanu ikome."

Anatsina tayala, n'kuyambanso kupopa.

"Lolemba ndikunyamuka 6 koloko, njira yomweyo," anatero osadzutsa mutu. "Akuti pokhota paja aikapo matabwa atsopano. Mukafuna kukaona, tikiti amagulitsa pawindo. Kutsogolo kulibe malo."

Lolemba a Njanji anagula tikiti ya sitima ya anthu, imene inanyamuka 9 koloko. Anakhala m'bogi yachisanu, pakati pa mayi wonyamula nkhuku ndi msilikali wogona. Pofika pokhota paja anasuzumira pazenera, koma kuchokera pamenepo matabwa saoneka.