Tsiku Limene Owunika Anabwera M'wodi ya Opsa

Macdonald anapsa ndi nthunzi ya boyila pafakitale ina ku Belmont, kuyambira pamkono wamanzere ndi pachifuwa mpaka m'ntchafu. Mkazi wake, Angelina, ankakwera kombi m'mawa uliwonse kuchokera ku Magwegwe kupita kuchipatala kumene anamugoneka, atanyamula phala ndi chigubu cha madzi, chifukwa mipope ya m'wodimo inkauma kawirikawiri.

Nesi wamkulu kumeneko anali Nobuhle, mnzake kuyambira ali atsikana. Ndiye anamutsina khutu kuti Lachinayi kukubwera anthu odzawunika mmene odwala opsa kwambiri akusamalidwira.

"Adzafunsanso achibale, sisi," anatero Nobuhle. "Udzanene zonse. Ife pakamwa mpomangidwa, koma iwe sangakuchite kanthu."

Angelina anayamba kulemba pakapepala. Analemba masiku atatu amene mabala sanatsukidwe, ndi tsiku lija mankhwala opha ululu atatha, pamene anamatula bandeji Macdonald akuluma pilo mpaka kuing'amba.

Lachinayi analawirira. Anapeza pansi pakolopedwa, mipope ikutulutsa madzi, ndipo pabedi la mwamuna wake pagona munthu wina wa kabala padzanja, bandeji ili mbee. Macdonald ndi anzake awiri a mabala a mafinya anali atawasamutsira kuchipinda chosungiramo mabedi othyoka, kuseri kwa khitchini. Angelina atalowa kukamuona, mlonda anatseka chitseko n'kuima pakhomo. Owunikawo anangowaonera pawindo, akukwera galimoto yawo dzuwa lisanafike pamutu.

Atamutsegulira, anapeza Nobuhle akusamba m'manja.

"Anasankha oti asamutsidwe ndani?" anafunsa Angelina.

"Ndine." Nobuhle sanatembenuke. "Uxolo, sisi, undikhululukire. Akuluakulu anati wodi ikalephera aitseka. Opsa onsewa apita kuti?"

"Nanga unandiuziranji kuti ndilembe?"

"Nthawi imeneyo ndinali ndisanachite mantha."

Angelina anabwerera kwa mwamuna wake. Macdonald anatsegula maso movutikira.

"Mwawauza, mai a Themba?"

"Ndawauza," anamunamiza, n'kuyamba kumumwetsa phala lozizira kale.

Wodiyo inakhoza bwino, ndipo zotsatira anazimata pachitseko. Macdonald anatuluka patapita miyezi inayi, mkono wamanzere sutambasukanso. Mpaka lero, alendo akabwera kunyumba, amawafotokozera monyadira kuti mkazi wake anaima pamaso pa owunika n'kuwauza chilungamo chonse. Angelina akamva zimenezi amadzuka n'kutuluka panja.