Chigamba cha Nambala 88

Ndinagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi mu ofesi yathu ya ku Madurai, pamwamba pa shopu ya telala. Ine si injiniya, sukulu ndinalekera panjira. Ntchito yanga inali kujambula zigamba pa matepi, kulemba nambala pachikuto, n'kutumiza. Zigamba ndi zokonza zimene bambo Sethuraman ankalemba pa pulogalamu yaikulu yoyendetsa makompyuta akale aja, aatali ngati firiji. Pulogalamu ikang'ambika pena, iwo ankasoka, ine n'kutumiza. Basi.

Kale tinalipo anthu makumi awiri ndi anayi, matepi akupita kumafakitale oposa mazana awiri. Chaka chimene ndikunenachi tinatsala awiri. Kasitomala naye anatsala mmodzi: malo opopera madzi a tauni ina kumwera, komwe makina athu ankatsegula ndi kutseka mipope ya madera asanu ndi limodzi.

Mu ofesi tinali ndi makina ofanana ndendende ndi a kumadziwo. Tinkawatcha Apongozi, poti sankasowa chodandaula. Lamulo la a Sethuraman linali limodzi: chigamba chiyambe chayenda mwa Apongozi masiku atatu osazima, ndiye chituluke. Atatu, osati awiri ndi theka.

Cha nambala 88 anachisoka zaka ziwiri. Maso anali atachita ng'ala, ankawerenga ndi galasi lokulitsa, mphuno itagunda pepala. Vuto limene ankakonza linali lakuti magetsi akaphethira, makina ankaiwala mpope umene atsegula. Ankati akachotsa nthenda imeneyi apuma, makinawo adzayenda zaka khumi popanda iwo.

Tinachilowetsa mwa Apongozi Lolemba m'mawa. Lachiwiri masana foni inalira. Anali bambo Arokiasamy, woyang'anira kumadzi kuja.

"Achemwali Valli, mdala alipo? Kuno tafa. Khadi lapsa."

"Lapsa bwanji? Mumaphikirapo tiyi?"

"Musaseke inu. Tikupotokola mipope ndi manja, anthu anayi. Chipatala chalandira madzi ola limodzi lokha. Azimayi adzaza pageti ndi mitsuko, akunditchula mayina amene mayi anga sanandipatse."

Khadilo ndi thabwa lobiriwira lodzaza timawaya, kukula kwake ngati thireyi ya tiyi. Anasiya kupanga mwana wanga asanakwatiwe. Akale amene tinkatola kwa ogulitsa zitsulo anali atatha. Lotsala linali limodzi, m'mimba mwa Apongozi.

A Sethuraman anamva zonse, foni yathu ndi yolongolola.

"Patsala tsiku ndi theka," anatero.

"Auzeni nokha anthu aludzuwo adikire tsiku ndi theka."

Anapukuta galasi lawo ndi nsonga ya malaya, anadzuka, n'kuzimitsa Apongozi ndi dzanja lawo. Phokoso la mafani litatha ndinamva makina a telala pansi. Zaka zonsezo sindinkadziwa kuti amamveka.

"Tepi ndajambula kale," ndinatero. "Ndiika m'chikwama pamodzi ndi khadi. Ulendo umodzi."

"Ayi, mayi."

"Chayenda tsiku ndi theka osatsokomola n'kamodzi komwe."

"Cha 41 chinatsokomola tsiku lachitatu. Mwaiwala? Munali mukudya mpunga wanu wa chambiko pomwepo, supuni inagwa."

"Ndiye chikayesedwe komweko."

"Pa madzi a anthu?"

"Bambo, khadi likapita silibwereranso. Apongozi afa lero. Mukufuna zaka ziwiri zija zidyedwe ndi mphemvu?"

Anamasula khadilo mofufuza ndi zala, wononga iliyonse n'kuiika m'kapu.

"Valli, maso awa ine sindikuwakhulupiriranso. Amandionera ndi Apongozi. Mwina muli kadontho kamene ndinaika posayenera, ndipo ine sindingakaone."

Ndinakulunga khadi mu nsalu yanga yakale ya sari. Iwo atatembenuka kukasamba m'manja, ndinatenga tepi pashelefu n'kuponya m'chikwama. Ine sindikonda zonyengerera. Ndinati ndikapereka, akwiye sabata imodzi, akhululuka.

Basi inayenda maola anayi, khadi lili pamiyendo panga ngati khanda. A Arokiasamy anandilandira pageti, malaya atanyowa ndi thukuta. Tinadutsa pakati pa mitsuko, mayi wina akukuwa kuti, "Abwera ndi agogo awo tsopano, ndiwo atipatse madzi!" Khadi linalowa, timagetsi tinayaka, ndipo dzuwa lisanalowe mipope inayamba kubangula. Pageti panamveka kulira kwa mitsuko.

A Arokiasamy anandithirira tiyi.

"Mdala ankanena za chigamba cha magetsi chija. Mwabwera nacho? Latizunza vuto limeneli, mvula iliyonse ndimazungulira mipope yonse panjinga."

Dzanja langa linali kale m'chikwama, litagwira tepi. Pawindo ndinkaona mayi wolalata uja akusambitsa mwana nkhope pampope. Ndinakumbukira mwezi wapitawo, pamene a Sethuraman anakwera basi ya 38 akuyesa ndi ya 33, n'kukatsikira kutsidya la mtsinje. Sanauze aliyense, ndinamva kwa kondakitala.

"Sichinathe," ndinatero.

"Chitha liti?"

"Imwani tiyi wanu, akuzizira."

Ndinagona kwa mphwanga masiku awiri, ndinabwerera Lachinayi. Linali tsiku la chikondwerero cholemekeza zida zantchito. Telala anali atapaka makina ake phala lonunkhira la mtengo wa sandalo, mabasi onse ali ndi masamba a nthochi kutsogolo. Nditakwera ku ofesi ndinapeza a Sethuraman ataveka Apongozi nkhata ya maluwa achikasu, mpunga wokazinga ndi nthochi zili pansi patsamba, monga chaka chilichonse. Chitseko cha makina chinali chotsegula, pamalo pa khadi pali bowo.

"Madzi akutuluka?"

"Akutuluka."

"Pashelefu palibe tepi. Ndafufuza ndi manja."

Ndinaitulutsa n'kuiika patebulo. Anaitola, anaiyandikitsa kumaso, anawerenga 88 imene ndinalemba ndi inki yofiira.

"Simunapereke."

"Munati ayi."

"Ndinatero." Anakhala pampando pang'onopang'ono. "Zaka makumi atatu simunandimverepo pa chilichonse, mayi. Ndimayembekeza kuti mwina dzananso simunandimvere."

Ndinatenga tsache n'kusesa maluwa ogwa.

Ofesi inatsekedwa miyezi itatu pambuyo pake. A Sethuraman anapita kwa mwana wawo ku Tiruchi, saonanso konse. Apongozi anatengedwa ndi wogula zitsulo, anthu anayi anawatsitsa pamasitepe akutukwana. Tepi ili m'sutikesi yanga pansi pa bedi. A Arokiasamy amandiimbirabe nyengo ya mvula, akupuma mwawefuwefu atangotsika panjinga, kufunsa ngati mdala wamaliza. Ndimati akusokabe.