Baltrus Alowa M'malo mwa Msomali

Baltrus ankanyamula yekha chipika cha paini, koma pamaso pa mng'ono wanga Agota lilime linkamulemera. Chimwalirireni mkazi wake, Lamlungu lililonse ankabwera kwathu ndi uchi, n'kukhala pafupi ndi ng'anjo, n'kumakamba za matenda a njuchi. Chimene ankadzera mudzi wonse unkachidziwa, ndi mphaka yemwe. Ine kuzengereza kwakeko kunkandinyansa.

Lamlungu limeneli linali lomaliza. M'mawa mwake mlongo wathu ankabwera ndi ngolo kudzatenga Agota kuti azikalera ana ake ku tauni ya Alytus, kosabwererako.

Agota ankaluka lamba wofiira, ulusi ataumanga mbali ina m'chiuno mwake, ina pamsomali wa pakhoma. Msomaliwo unali usanagwedezekepo chibadwire chathu, koma tsiku limenelo unazuka. Sindinafunse.

"A Baltrus, mwangokhalatu," anatero Agota. "Bwerani ndikumangireni."

Agota anamumanga ulusi m'chiuno n'kukakhala kutali, kukhomo. Baltrus anaweramira kutsogolo.

"A Agota, ine ndimati..."

"Bwererani m'mbuyo. Ulusi ukulendewera, maluwa a palamba apindika."

Anabwerera. Atalimbanso mtima n'kuwerama, Agota anamukalipiranso.

"Msomali unkagwira bwino ntchito kuposa inu. Sunkapumira m'mwamba."

"Koma msomali subweretsa uchi," anang'ung'udza Baltrus, khutu lili psuu.

Lamba akamakula, woluka amamupinda m'chiuno n'kusendeza mpando kutsogolo. Agota ankasendera, Baltrus thukuta lili kamukamu chisanu chonsecho. Ine ndinkasenda mbatata imodzimodzi yomweyo mpaka inatsala ngati nyemba. Kuseka kunandithera, mantha anandigwira, poti dzuwa linkapendeka ndipo munthu uja anali atayambiranso za njuchi.

Pomaliza mawondo awo anagundana. Kathabwa kosiyanitsa ulusi kanalibenso poyenda. Agota anatola sizasi.

"Ulusi watha, a Baltrus. Ndikadula apa, mwamasuka. Muzipita."

Baltrus anayang'ana sizasi, n'kuyang'ana ine, ngati mawu ake ndamusungira ndine. Kenaka anaphimba ulusi uja ndi chidzanja chake.

"Musadule."

"Mpaka liti?"

"Basi, musadule."

Agota anaika sizasi pansi, misozi ili mbwee, koma pakamwa pali pomwepo.

"Ngolo ikafika mawa mukaibweze nokha. Ndipo khalani mowongoka, mukundipindira lamba."