Tinkhono ta Kunsi kwa Boti

"Palani mwamphamvu, asisi, si nkhope ya khanda imeneyo!" Fitzroy anakuwa ataima pa kamlatho ka matabwa, nsapato zake za m'tauni zili m'manja.

Orlene anapitiriza kupala. Madzi anali kumulekeza m'chiuno, ndipo ndi chitsulo chopalira ankalimbana ndi tinkhono timene tinamatirira kunsi kwa boti la malemu bambo awo, a Cleophas. Panali patangotha masiku khumi chiwaikire m'manda. Wogula, msodzi wina wa ku Dangriga, anali atanenetsa kuti afika masana, ndipo satenga boti limene sakuona matabwa ake.

Amayi awo, a Verna, anali atalumbira kuti boti likadali padoko iwo sasuntha m'mudzimo. Likachoka, adzapita kukakhala kwa Fitzroy ku Belize City. Apo ndiye Orlene adzapume, iye amene kwa zaka makumi awiri anakhalira kuphikira alendo a bambo ake mpunga wa nyemba, kutsuka zilonda za nkhalamba, ndi kuperekeza ku basi anzake osamukira m'tauni. Ntchito yophika buledi inali kumudikira m'tauni mpaka Lolemba lokha. Boti likapanda kugulidwa, wonyamula alendo n'kumadyetsa amayi adzakhala ndani? Fitzroy madzi ankawadziwa a m'bafa basi.

"Koma ulesi wa adadi unali wamtundu wake," anatero Fitzroy akusuzumira. "Mbali iyi ankapala. Nanga inayo? Ngati msana wa ng'ona!"

"Achimwene, ndi pakamwa mumapala bwino. Lowani m'madzimu tione."

"Ndi buluku limeneli? Mukufuna wogula andiyese wantchito?"

A Verna anali pakhonde, atavala zakuda, akusenda chinangwa chimene panalibe anachipempha. Analankhula osadzutsa mutu.

"Kumanzereko bambo anu sankapalako."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Ndiye ndikanawafunsa ine? Munthu wake uja, mawu ankachita ngati ogula."

Fitzroy anaseka n'kupita kumsewu kukachingamira wogula. Orlene anazungulira kumanzere. Kumeneko tinkhono tinali titakwerana, takuthwa, ta zaka ndi zaka. Mtima unamuwawa. Ngakhale atafa, bambowo anamusiyira ntchito. Anazika chitsulo, chibenthu choyamba n'kugwera m'madzi.

Kenako china chake chinamukhudza pantchafu, chofewa koma cholemera. Analeka kupala. Pambali pake panatuluka mphuno yandevu, n'kupuma kuti fuu, mpweya wonunkha udzu wovunda. Anali manati, ng'ombe ya m'madzi ija, yaikazi, yokalamba, yaitali pafupifupi theka la boti. Pamsana pake panali zipsera zitatu za injini ya boti la munthu wina wothamanga.

Orlene anali atawaonapo ambirimbiri kutali uko kumene a Cleophas ankazimitsa injini kuti alendo ajambule. Koma pano, pakhomo penipeni, ayi. M'mawa uliwonse bambo ake akatsetserekera kudoko, iye amakhala ali mu utsi wa kukhitchini, n'kumaganiza kuti apita kukabisalira fodya.

Chinyamacho sichinamusamale. Chinamudutsa mwaulemu ngati mlendo wozolowera, n'kukagunditsa msana wake pa tinkhono tija. Boti linatsetsereka, kuthawa mpaka pomwe chingwe chinalekeza. Manati anatembenuka, n'kuyesanso. Boti linathawanso. Kachitatu sanayese. Anangoyandama, timaso take tating'ono tili pa Orlene, kudikira.

"Choka," anatero Orlene motsitsa mawu. "Amene ukuwafunawo kulibe. Choka, ndili ndi ntchito ine."

Anamenya madzi ndi dzanja. Nyamayo inamira pang'ono, n'kutulukanso pomwepo. Masiku khumi onsewa iyenera kuti inkabwera, n'kumakankha boti lopanda woligwira.

Orlene anabwerera kumanja kwa boti, miyendo ikulemera m'matope. Pathabwa la m'mbali panali malo amene m'mawa anawadutsa osawaganizira, pamene penti inaperepeseka mpaka thabwa kusalala. Malowo anali aakulu ngati phewa la munthu. Anayang'ana kumsewu. Kukanatheka kupala msangamsanga, ola limodzi likanakwana. Anadziwa zimenezo bwino lomwe, ndipo anaufuna ufulu wakewo ndi mtima wonse.

Anatsamiza phewa pamalopo kuti boti lisathawenso. Linalekeza m'munsi, poti bambo ake anali aatali, ndiye anachita kunyanyamphira.

Kutsidya kwa boti kunamveka kukhukhuluza. Kulemera konse kwa nyamayo kunabwera kudzera m'matabwa, pang'onopang'ono, kuchokera kukhosi mpaka kumchira, kenako n'kuyambiranso. Chitsulo chinamupulumuka m'manja, n'kumira.

"Adadi, mwandimanga ndithu," anatero, misozi ikutsikira m'madzi amchere. "Mwandimanga inu."

"Asisi!" Fitzroy ankabwera ndi munthu wa chipewa choyera. "Bwana afika! Mwamaliza? Nanga mwakakamira boti bwanji ngati likugwa?"

A Verna anali ataimirira pakhonde, mpeni uli lende m'dzanja, akuyang'ana mwana wawo pamalo pomwe ankaima mwamuna wawo.

Orlene sanacheuke. Anazika zala m'matope, n'kulimbitsa phewa, poti kutsidyako manati anali asanamalize kukanda msana.