Kapepala Kamene Sikanalowe M'chitini

Chitini chinali chitabwerera kale patebulo pamene Fiona anakweza mkono.

Linali Lachitatu masana, tsiku la kalabu ya ufulu pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi msika wa ku Old Town. Immaculata, mphunzitsi wa Sitandade 7, anali ndi njira yakeyake yophunzitsira malamulo oyendetsera dziko. Kuwawerengera ana ndime ndi ndime kunali kungowaitanira tulo. Choncho ufulu uliwonse anaulemba pakapepala, nkupinda, nkuponya m'chitini chakale cha majarini. Mwana ankapisa dzanja, ndipo kapepala kamene katulukeko Immaculata ankakapekera nthano pompo. Pomaliza ana ankaweruza mlandu: walakwa ndani, nanga wolakwiridwayo akadandaule kuti?

Tsiku limenelo anali atangomaliza nthano ya mayi wogulitsa mandasi amene anamutsekera sabata yathunthu osapita naye kukhoti. Ana anali atakuwa mpaka malata kunjenjemera: "Maola 48 basi!"

"Inde, Fiona?"

"Madamu, m'chitinimo mukusowa kapepala kamodzi."

Fiona anali mwana wa Immaculata, womubereka yekha, wa zaka khumi ndi ziwiri. Kunyumba ankati "amayi", kusukulu "madamu", ndipo sanasokonezepo.

"Ndawerenga m'kabuku kaja munasiya patebulo kunyumba. Pa ndime 23 akuti mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo. Chaka chikutha ichi, sikanatulukepo."

"Mwina nkamanyazi, kamabisala pansi," anatero Sumayya, mnzake wapadesiki, kalasi yonse nkufa nacho chiseko.

Immaculata anaseka nawo. Kapepalako kanalipo ndithu. Kanali m'kathumba ka m'kati mwa chikwama chake, mmene anakabisa tsiku lomwe analemba timapepala tonseto.

"Lachitatu likubwerali," anatero. "Ndalonjeza."

Fiona anakula akuuzidwa kuti bambo ake anafera ku Joni iye ali m'mimba. Linali bodza. Bambo ake anali moyo, ndipo kuchoka pasukulupo kukafika pamene ankakhala tsiku lonse sipankatha mphindi khumi. Anali Kassimu, telala wosokera pakhonde la sitolo ina ku Area 2.

Anakondana Immaculata akadali ku koleji ya aphunzitsi. Mimba itaoneka, achimwene ake a Lemson, mwini mbumba komanso mkulu wa mpingo, anamenyetsa nkhwangwa pamwala: mwana wa mbumba yawo sadzaponda kumzikiti. Nawonso a kwa Kassimu ankafuna mkaziyo ayambe walowa Chisilamu. Awiriwo anakokedwa uku ndi uku mpaka anatopa. Bodza la ku Joni analipeka ndi a Lemson, koma tisawanamizire zonse. Amene analilera bodzalo, kulidyetsa ndi kulisambitsa zaka zonsezi, anali Immaculata mwiniwake.

Kassimu anapempha chinthu chimodzi chokha: yunifomu ya mwanayo azisoka ndi iye. Ndiye chaka cha sukulu chikamayamba, Immaculata ankapita naye Fiona pakhonde paja. Kassimu ankachotsa tepi m'khosi nkumuyeza mapewa, chiuno ndi msinkhu, pang'onopang'ono ngati munthu wophunzira kumene ntchito. Akamaliza ankabwerezanso.

"A telala, mwayeza kale pamenepo!" Fiona ankadandaula.

"Ndiwe ukukula ndikuyeza, mama. Ima bwino, tepi yanga ingachepe."

Immaculata ankayang'ana kumsewu, nkumawerenga maminibasi odutsa.

Kuti amuuze mwanayo, anali atadzilonjeza kambirimbiri. Akayamba sukulu. Akafika Sitandade 5. Akakhwima pang'ono maganizo. Tsopano lonjezo linali litaperekedwa pamaso pa ana makumi asanu ndi limodzi, ndipo ana saiwala. Anatsimikiza mumtima kuti Loweruka akhala naye pansi, Lamulungu akatuluka m'tchalitchi apita limodzi ku Area 2, mwana akapereke moni kwa bambo ake.

Lachisanu m'mawa, belu loyamba lisanalire, foni yake inaitana. Anali Bibi, mlongo wake wa Kassimu.

"Achimwene atisiya m'mbandakucha uno. Anagwa dzulo ali pamakina, kuthamanga kwa magazi. Ndati mudziwe msanga, chifukwa cha mwana uja."

Immaculata anatsamira khoma la ofesi. Analira mwakachetechete, kuluma nsonga ya chitenje kuti aphunzitsi anzake asamve. Kenako anayamba kukonza zinthu m'mutu, monga achitira aphunzitsi. Fiona ali ndi mayeso a masamu lero, alembe kaye. Tikaweruka ndimufotokozera bwinobwino, madzulo tikakhale nawo pasiwa, mawa akaone nkhope ya bambo ake.

Kwawo ku Mitundu maliro amagona masiku awiri, mwina atatu, kudikira abale akutali. Zoti Asilamu sagoneka maliro ankazidziwa monga adziwira aliyense wa mu Old Town, koma tsiku limenelo mutu wake unayenda njira ya kwawo. Mwinanso mantha ndiwo anaulondolera njirayo. Anazimitsa kulira kwa foni, nkuiponya m'chikwama, nkulowa m'kalasi kukagawa mapepala a mayeso. Dzuwa lili paliwombo anamva kuitana kwa pemphero la Lachisanu kuchokera kumzikiti, monga ankamvera sabata iliyonse. Anangoyang'ana wotchi nkuuza ana kuti pepala lomaliza latsala ndi mphindi khumi.

Ataweruka anamuitanira Fiona pansi pa mtengo wa kesha kuseri kwa kalasi. Mawu amene anawakonza zaka khumi ndi ziwiri anabalalika onse. Ananena mwachidule, mosasanja, maso ali pansi.

Fiona anamvetsera osaphethira.

"A telala aja?"

"Eya, mwanangu."

"Amene amandiyeza kawiri aja?"

"Omwewo."

Mwanayo anayang'ana diresi lake, nagwira mpendero wake ndi zala ziwiri. "Ndikufuna ndikawaone," anatero.

Anayenda mwandawala kudutsa pamsika, kulambalala ogulitsa kaunjika ndi akabaza oimba mabelu. Atakhota kulowa kanjira ka kunyumba ya Kassimu, anakumana ndi amuna ovala mikanjo yoyera akubwerera m'timagulu, nsapato zili mbuu ndi dothi lofiira. Pakhoma la nyumbayo panatsamira jeneza, chonyamulira maliro, chopanda kanthu. Apo Immaculata anadziwa kuti Kassimu amuika kale m'manda.

Bibi anatuluka m'nyumba, maso atatupa.

"Mwachedwa, amake Fiona. Amuna ananyamuka naye itangotha swala ya Lachisanu. Ndinakuimbiraninso kawiri."

"Ine ndimati mwambo ndi mawa..."

"Ife sitigoneka, mayi. Mesa mukudziwa?"

Sanamukalipire, ndipo zimenezo ndizo zinawawa koposa. Anatembenukira kwa Fiona, namugwira masaya ndi manja onse awiri.

"Mphuno iyi ndi yathu. Ine ndine azakhali ako, wamva?"

Analowa m'nyumba nabwerako ndi tepi ija ndi kope lakuda ndi mafuta a makina, limene Kassimu ankalembamo miyeso ya makasitomala. Anatsegula tsamba lomaliza. Pamwamba panalembedwa kuti "Fiona wanga". Pansi pake panali mizere isanu ndi iwiri, chaka ndi chaka: mapewa, chiuno, msinkhu. Mzere wachisanu ndi chitatu anali ataulemberatu chaka chamawa, manambala okha ndiwo panalibe.

Fiona sanalire pamenepo. Anakumbatira kopelo pachifuwa, nakhala pamphasa pakati pa amayi ofunda kumutu amene sankawadziwa, mpaka dzuwa linapendeka.

Loweruka m'mawa anasesa pabwalo monga mwa masiku onse, natereka madzi pambaula. Kenako anagogoda pachitseko cha kuchipinda.

"Madamu, madzi osamba atentha."

Immaculata anadikira kuti mwina lilime langoterereka. Koma Lamulungu linali "madamu", Lolemba "madamu". Mwana sanachite mwano, sanakane ntchito. Anangochotsa liwu limodzi m'nyumbamo, ndipo nyumba inazizira.

Lachitatu litakwana, ana anadzaza kalasi mpaka ena kukhala pamawindo. Sumayya anathamangira chitini, koma Immaculata anamuletsa ndi dzanja. Anatsegula chikwama, natulutsa kapepala kaja, kali kofiirira m'mopinda. Anakawerenga mokweza.

Kenako anasimba nthano ya mphunzitsi wina amene ankadziwa malamulo onse pamtima, ndi telala amene ankaloledwa kukhudza mwana wake kamodzi pachaka, ndi tepi. Sanatchule dzina la munthu, koma sanabisenso kanthu, ngakhale za foni imene inaitana kawiri m'chikwama.

"Walakwa ndani?" anafunsa pomaliza, monga mwa mwambo wawo.

"Amalume aja!" anatero ena.

"Mayiyo," anatero ambiri.

"Mwaweruza bwino," anatero Immaculata. "Ndi mayiyo."

Funso lachiwiri sanalifunse. Nthano zake zonse zinkakhala ndi kolowera: kukhoti, kupolisi, kwa a zaufulu wa anthu. Anayamba kusonkhanitsa mabuku ake kuti ana aweruke.

Ku desiki lachitatu mkono unakwera. Padzanjapo panali patakulungidwa tepi ya telala.

"Inde, Fiona?"

"Madamu, simunamalize. Nanga mwanayo akadandaule kuti?"

Ana onse anatembenukira kwa mphunzitsi wawo, amene sanasowepo yankho chiyambire kalabuyo. Belu linalira, koma palibe mwana anadzuka, ndipo Fiona sanatsitse mkono.