Telesikopu Yoonetsa Mathiraki Chadodolido

Loweruka, pa 6 Seputembala 2025, Fletcher Zulu adagula telesikopu, chida choonera mwezi ndi nyenyezi, pa boda ya Mchinji, pomwe amagwira ntchito yothandiza madalaivala kuombola katundu. Mawa lake kunali kadamsana wa mwezi. Mkazi wake Consolata adalola kuti ndalama za mtedza wawo zipite ku chinthucho, koma adanenetsa kuti akapanda kuona mweziwo bwinobwino, chigulitsidwa ndipo za nyenyezi zithere pomwepo.

Dalaivala wina, Vitus, adabwera ndi matelesikopu awiri. Imodzi inali yatsopano, yaitali, ya miyendo yopyapyala. Inayo inali yakaunjika, yaifupi, yonenepa ngati mtondo, koma mtengo wake wokwera kwambiri.

Pa boda sagula chinthu chosayesa. Wailesi amayamba aiyatsa, njinga amayamba aikwera. Fletcher adaloza yonenepa ija pa mzere wa mathiraki a ku Mwami, tsidya la Zambia. Zilembo za pa zitseko zidaoneka mbee, koma mathiraki onse anali chadodolido, matayala m'mwamba. Vitus adalumbira kuti umo ndi momwe idapangidwira. Fletcher adaseka, nati iye wakulira pa boda, katundu wakufa amamudziwa. Yatsopano ija idaonetsa mathiraki ali chilili, ngakhale mwachimbuuzi. Adatenga imeneyo.

Lamulungu madzulo adaiimika pabwalo kwawo ku Kamwendo. Mwezi utafiira, kamphepo kadayamba, miyendo ya telesikopu ija n'kumanjenjemera. Akaupeza mwezi unkathawa, akaugwira unkangooneka ngati banga la dzimbiri. Consolata adasuzumira, kenaka adaweramuka n'kuyang'ana kumwamba.

"Bambo a Tionge, maso anga aulerewa akuposa chinthu chanuchi. Ina munkanena ija mudaikaniranji?"

Fletcher adafotokoza za mathiraki ozondoka.

"Nanga mwezi uli ndi matayala? Utazondoka mungadziwe?"

Fletcher adauyang'ana mweziwo, wozungulira mbali zonse, ndipo adavomera kuti sangadziwe. Sadapemphe kuti lamulo la mkazi wake lija lisinthe. Adangonena kuti telesikopuyo igulitsidwadi, koma wogula akhala Vitus yemweyo, iye awonjezera ndalama n'kutenga yonenepa. Consolata adati ikafika yonenepayo asuzumiranso, ikapanda kufika mawu ake aja akhala omwewo.

Lolemba m'mawa Fletcher adafika pa boda ndi bokosi la telesikopu pa njinga. Thiraki ya Vitus inali itawolokera ku Zambia dzulo lake. Foni yake sinkalowa, ndipo pa madalaivala onse amene Fletcher adawafunsa panalibe wodziwa ngati telesikopu yonenepa ija ikadali m'thirakimo.