Chipinda cha Utsi

Eness anali kusesa phulusa la moto wa pamaliro pamene galimoto yofiira inaima pampanda. Mphepo ya Ogasiti inkalanda phulusalo kutsache n'kulibwezera pakhonde, iye n'kumasesabe. Panali patapita masiku atatu chiikireni mwamuna wake, Abson Miti, amene anagwira ntchito yozimitsa moto mu Lusaka zaka makumi awiri ndi zitatu.

M'galimotomo munatsika a Chisanga, mkulu wa gulu lomwe Abson ankagwiramo. Ananyamula katoni yaing'ono ndi manja awiri ngati muli mazira.

"Odi, ba mayo."

"Lowani, ba Chisanga," anatero Eness, osasiya tsache.

M'katonimo munali kapu yachitsulo, lumo lometera, buku la nyimbo za kutchalitchi ndi malaya amodzi. Malayawo ankanunkha penti wopsa. Moto womwe unapha Abson unabuka m'fakitale ya penti, ndipo mwini wake sanauze ozimitsa moto kuti kuseri kwa khoma kunali migolo ya mankhwala. Abson analowamo kawiri, ulendo wachiwiri anatuluka atabereka mlonda. Thupi lake silinapse paliponse. Anabwera kunyumba ku Kabwata akuyenda yekha, anasamba, anadya. M'mawa mwake anayamba kutsokomola zakuda, ndipo atagona masiku anayi m'chipatala anamwalira.

A Gilson, mkulu wake wa malemuyo, amene anachokera ku Chilenje kudzayang'anira maliro, anakokera mpando pafupi. Killian, mwana woyamba wa Abson, anali atangobwera kokabweza mabenchi kutchalitchi. Anaima chotsamira khoma, thukuta lili kamukamu.

A Chisanga anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Nkhani niziwili," anayamba. "Yoyamba muiziba kale. Nyumba iyi iyenda na nchito. Lamulo lipatsa miyezi itatu."

Azing'ono ake awiri a Killian omwe ankasewera kuseri kwa nyumba anasiya masewerawo okha.

"Yachiwili, pa Mande tilemba banthu. Malo ni awili chabe." Anayang'ana kwa Killian. "Amodzi ni a ba Miti."

Eness anaimika tsache pakhoma pang'onopang'ono.

"Mwanitengela mmodzi. Manje mwabwelela wina."

"Mlamu, mvelani poyamba," anatero a Gilson. "Mukachoka muno muzayenda kuti na bana? Ku Katete munachokako muli mtsikana, kulibe na munda wanu. Kwanga ku Chilenje tigona kale anthu naini mu zipinda ziwili. Mnyamata akalowa nchito, nyumba ikhala. Ine nizakamba na a tcheyamani a chipani amulembele kalata."

"Kalata siikwela makwelelo," anatero a Chisanga mosakweza mawu. "Abwele na chitupa, khadi ya chipani na setifiketi ya Fomu Fili. Zotsala ni thupi lake."

Killian anaseka mwa mphuno. Mayeso amenewo ankawadziwa bwino. Anayesa mu 1977, anayesanso mu 1978, ndipo maulendo onse awiri anasiya anzake kumbuyo pothamanga ndi pokwera. Koma mayina atapachikidwa pabolodi, lake panalibe. Atate ake sananene chilichonse kupatula mawu awiri: "Chaka chamawa." Killian anangoti mumtima basi, amene alembedwawo ali ndi abale m'maofesi.

"Nizabwela," anatero.

A Chisanga anavala chipewa chawo n'kutsanzika.

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, Eness anaviika malaya aja m'beseni. Madzi oyamba anada. Anataya, kuthira ena, nawonso anada. Killian anamupeza akuchapa kachinayi, zala zitatuwa ndi sopo.

"Amai, alekeni. Fungo siizachoka."

"Niziba."

Kutali cha kutauni kunalira sailini ya galimoto yozimitsa moto. Manja a Eness anaima m'madzi. Anatchera khutu mpaka kulirako kunazimirira cha ku Emmasdale, ndiyeno anapuma.

"Zaka zonse izi nimachita so," anatero. "Nikamvela chabe, nileka chilichonse, nimvele kwamene yayenda. Ninati manje nizapumula. Ninati nataya mwamuna, koma makutu anga apumula."

"Mufuna tikagone kuti, amai?"

"Pansi pa mtengo. Bana banga bonse atatu nikubawelenga."

"Atate akanakhalapo, sembe anavomela."

Eness anamuyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma anangofinya malayawo n'kukawayanika.

Lolemba m'mawa chitseko cha kuchipinda kwa amayi ake sichinatseguke. Pambaula panalibe tiyi. Killian anamwa madzi, anaika mapepala ake m'thumba la pulasitiki n'kuyenda wapansi kupita kutauni. Kumwamba kunali kotuwa ndi utsi wa tchire lomwe anthu ankatentha kunja kwa mzinda, ndipo dzuwa linatuluka lofiira.

Pabwalo la ozimitsa moto panali anyamata oposa mazana awiri. Anawaimika m'mizere, malaya atavula. Choyamba chinali mzere wa penti pakhoma: amene mutu wake sunafikepo anauzidwa kuti avale azipita. Kenako tepi pachifuwa, kupuma mkati, kupumira kunja. Dokotala anawayang'ana maso ndi mano, n'kuwasonyeza timapepala ta mitundu kuti atchule chofiira ndi chobiriwira. Pofika teni koloko theka linali litachoka.

Otsalawo anathamanga kuzungulira bwalo kakhumi ndi kawiri, paipi yokulunga ili paphewa. Ena anagwa, ena anasanza m'ngalande. Kenako makwerero, otsamira pansanja yoyeserera ya nyumba zinayi zosanjikizana. Ukafika pamwamba unkakola mwendo pa chopondera, n'kusiya manja onse awiri, n'kugadama chagada kuyang'ana pansi mpaka mkulu ataliza wezulo. Mnyamata wina wamphamvu ngati ng'ombe anaumirira pakati pa makwererowo, kulephera kukwera, kulephera kutsika, mpaka anachita kukamutenga. Killian anakwera, anasiya manja, anaona bwalo lonse litazondoka. Anaona pomwe atate ake ankaimika njinga. Panali njinga ya munthu wina.

Dzuwa litapendeka anatsala khumi ndi awiri, ndipo anawatengera kuchipinda cha utsi. Chinali kanyumba kakafupi ka njerwa kopanda mawindo, mkati mwake mokhotakhota. Kuseri kwake munthu ankasonkhezera masaka onyowa ndi zidutswa za matayala mumgolo, utsi n'kumalowa pa chibowo.

"Mulowa awili awili," anatero a Chisanga. "Chingwe chimodzi m'chiuno. Mkati muli thumba la mchenga, kulema kwake monga munthu. Mulipeze, mutuluke nalo."

Killian anamuphatikiza ndi Chibesa, mnyamata wowonda wochokera ku Luapula, amene tsiku lonse sanalankhule ndi munthu. Anawaveka mabotolo a mpweya kumsana ndi zophimba kumaso za labala. Chitseko chinatsekedwa kumbuyo kwawo.

Chaka chatha chipinda chimenechi Killian anachiona ngati masewera. Chingwe chinkamuchedwetsa, choncho anachimasula, n'kutuluka ndi thumba mnzake akadafufuza khoma. Palibe anatuluka msanga kuposa iye.

Lero mdima unamuopsa. Sankaona ngakhale dzanja lake. Chomwe ankamva ndi mpweya wake wokha ukulowa ndi kutuluka m'labalamo, kukoka, kulira, kukoka, ndipo anakudziwa kupuma kumeneko. Anakumva masiku anayi ali pambali pa bedi m'chipatala. Anagwada, n'kumakwawa, dzanja limodzi pakhoma lotentha. Anakhota kamodzi, kawiri. Zala zake zinakhudza chiguduli chokhakhala. Thumba lija.

Pomwepo chingwe chinamukoka m'chiuno mwamphamvu, kenako chinalefuka.

Anadikira. Sichinagwedezekenso.

Thumba linali m'manja mwake, ndipo njira yobwerera ankaidziwa. Anaganiza za nyumba, za azing'ono ake awiri, za a Gilson atakhala pampando kudikira yankho. Kenako anasiya thumbalo n'kutsatira chingwe chokwawa. Anapeza Chibesa atagona chammbali pakona, atazula chophimba kumaso, akukanda pansi. Killian anamukanikiza ndi bondo, anamubwezera labala kumaso mwankhondo, n'kumukoka m'khwapa chobwerera m'mbuyo mpaka msana wake unagunda chitseko. Anachimenya ndi chidendene.

Kunja ozimitsa moto anamulanda Chibesa n'kumugoneka pa udzu, akutsokomola. Killian anavula chophimba chake, anapita pampopi, n'kusanza madzi okhaokha. Manja ake ankanjenjemera moti analephera kutseka mpopiwo. Awiri otsatira analowa n'kutuluka ndi thumba, anzawo akuwaombera m'manja. Iye anavala malaya ake, anatola mapepala n'kulunjika kugeti.

"Miti!" anaitana a Chisanga. "Ku ofesi."

Mu ofesimo a Chisanga anatsegula kabati n'kutulutsa mapepala awiri. Anawaika patebulo, n'kuwatembenuzira kwa Killian. Anali mafomu ake a zaka ziwiri zapitazo. Pansi pa fomu iliyonse, pamalo olembapo woyesa, panali zilembo zopendekera kumanzere zomwe Killian anazidziwa asanawerenge n'komwe. Pa yoyamba panalembedwa kuti: Saopa. Asalembedwe. Pa yachiwiri: Anamasula chingwe, anasiya mnzake. Asalembedwe.

Killian anawerenga kawiri.

"Ni atate ananifuta."

"Ni beve."

"Zaka ziwili niyenda mu tauni kufuna nchito, beve aniona chabe. Tidyela mbale imodzi."

"Tinakangana pa iwe mu ofesi muno," anatero a Chisanga. "Ine ninati mwana ali na mphamvu, tizamuphunzitsa. Beve anati mphamvu tili nazo zambili kumanda. Anati munthu wamene saopa amafa msanga, ndipo safa yekha."

"Amai anaziba?"

"Ukabafunse."

Killian anakhala pampando osauzidwa. A Chisanga anatenga fomu yatsopano, n'kuchotsa chivundikiro cha cholembera.

"Lelo ninakuona pampopi. Unali kunjenjemela monga nkhuku yonyowa." Analemba mawu angapo n'kusaina. "Thumba la mchenga silifa, Miti. Uyamba pa fesiti mwezi wamawa. Miyezi sikisi ku maphunzilo, ukapasa ubwela mu gulu langa. Nyumba nizalembela kalata mawa." Anakweza maso, ndipo sankamwetulira. "Sinizakuuza kuti uli na mwayi. Batate bako ninabanyamula ine pa bokosi."

Asanamalize kutseka cholembera, belu linalira m'nyumba monse. Panamveka mapazi pamasitepe, zitseko zachitsulo zikukwera, injini ikudzuka. A Chisanga anatola chisoti chawo pa msomali.

"Yenda kwa ba Chalwe ku sitolo bakupime," anatero ali kale pakhomo.

Killian anaima pawindo. Galimoto yofiira inatuluka pageti, sailini ikung'amba mumsewu. Tsidya lina la msewuwo, pansi pa mtengo wa jakaranda wopanda masamba, panaima mayi wovala zakuda, atagwira kabotolo ka tiyi kokulunga m'nsalu. Eness sanayang'ane galimotoyo. Ankayang'ana geti, kudikira kuti atuluke ndani.

Sitolo inali kuseri kwa garaja. A Chalwe anali bambo wokalamba, dzanja lawo lamanzere litakwinyika ndi chipsera chakale, zala zitatu zitamatirirana. Anamuyeza mutu, mapewa ndi chiuno, akulemba m'buku.

"Nsapato?"

"Naini."

"Niziba," anatero a Chalwe.

Sanapite pa shelefu pomwe panali majombo atsopano. Anagwada movutikira, n'kukoka bokosi lomwe linali pansi pa tebulo lawo. M'menemo munali majombo achikopa akuda, opakidwa mafuta, atapindika kale pomwe phazi limapindikira.

"Aya si atsopano," anatero Killian.

"Palibe anazimila nao moto. Ba Miti banasainila chaka chatha, tsiku lamene banakufuta kachiwili. Banati azabwela ndithu uyu, sinizamuletsa mpaka kale." A Chalwe anapukuta fumbi pa jombo imodzi ndi dzanja lopsalo. "Jombo yatsopano imaluma, imachita matuza, munthu amatsimphina pa makwelelo. So beve, tikakhala tilibe moto, banali kuvala aya, kuzungulila bwalo. Beve banali kuvala seveni. Anyamata banali kuseka, ati ba Miti bayenda monga bakha."

Killian anakhala pabenchi n'kuvula nsapato zake. Analowetsa phazi m'jombo, koma zala zinagunda kanthu. Anapisamo dzanja n'kutulutsa mpira wa nyuzipepala, wolimba, woumbika ndi zala za phazi la munthu wina. M'jombo inayo munalinso wina.

Anaika mapepalawo m'thumba la malaya. Kenako anavala majombowo n'kuimirira. Chikopa chinali chofewa, ndipo sichinamulume paliponse.